Maudindo a Nkhanu ndi Miyendo ya Ana a Chule

Chule ndi Nkhanu anali anansi pa thamanda lina la m'dambo, lomwe linkadzaza ndi mvula yoyamba n'kuphwa dzuwa la chilimwe likakula. Awiriwa anakangana pa nkhani ya miyendo. Sinali miyendo ya Nkhanu, iyayi, poti iye anali nayo yambiri moti akanatha kubwereketsako ina. Inali miyendo ya ana a Chule, mbululu zomwe zinkafunika kumera miyendo madzi asanaphwe, chifukwa mbululu yopanda miyendo thamanda likauma imasanduka ndiwo za mbalame.

Kuti mumve bwino chiyambi cha mkanganowu, muyenera kudziwa za Mkanda wa Chibadwa. Mkandawu unkakhala m'phanga la pansi pa madzi, pakati pa mizu ya mkuyu, utapindidwa ngati nkhata chifukwa unali wautali zedi. Chigawo chilichonse chinali ndi malangizo a kapangidwe ka chinthu chimodzi m'thupi: apa za mchira, apo za miyendo, pambali penipeni pa za miyendozo panali za kufundula chigoba, kutsogolo za mamba, ndi zina zambirimbiri. Amene anautunga palibe ankamudziwa, koma zamoyo zonse za m'thamandamo zinkakula motsatira mkandawo.

Wowerenga mkandawo anali Nkhono. Iye ankakwawa pa chigawo chilichonse chomwe wachipeza chotseguka, n'kumasiya kumbuyo kwake ulusi wonyezimira wokhala ndi malangizo aja. Ulusiwo ukafika kwa ana n'kuumeza, thupi linkamva n'kuchita zomwe lauzidwa. Nkhono sankafunsa mafunso: chotseguka ankawerenga, chotsekeka ankachilambalala, basi.

Apa ndi pomwe pankalowa ntchito ya Nkhanu. Mkanda wonse ukanati uwerengedwe nthawi imodzi, mwana akanamera miyendo akadali m'dzira n'kutaya mchira asanadziwe kusambira. Ndiye Nkhanu, ndi manja ake opana ngati mbaniro, ankaphimba chigawo chomwe nthawi yake sinakwane n'kufunyulula chomwe nthawi yake yakwana. Ulusi wa Nkhono ankaudula malo osafunika n'kulumikiza otsalawo, kenako n'kuunyamula kupita nawo kwa ana, kwinaku akuthamangitsa matemba okonda kuudya panjira.

Ntchito zonsezi ankazigwira yekha, ndipo zinkayenda chifukwa dzanja lake silinkachedwa pamalo amodzi. Gwira apa, siya. Gwira apo, siya. Aliyense ankangomuitana kuti achimwene, iye n'kuvomera ali ndi matope m'maso. Chaka ndi chaka ana a Chule ankamera miyendo pa nthawi yake, moti Chule sanaganizepo n'komwe kuti miyendo imachokera kuti.

Tsoka linabwera ndi Msundu. Uyu anali asanagwirepo ntchito chibadwire, koma pakamwa pake panali potsekemera, ndipo ankadziwa kununkhiza komwe kuli magazi. Tsiku lina anaitanitsa msonkhano. Zamoyo za m'thamandamo zinkakonda misonkhano kuposa chakudya, choncho zonse zinafika nthawi isanakwane.

"Abale anga, tili ndi manyazi ife?" anatero Msundu akudzitambasula. "Mnzathu mmodzi wasenza thamanda lonse pamutu, ife n'kumangomuti achimwene, achimwene, ngati wodzapala moto! Ntchito iliyonse ikhale ndi udindo wake, udindo uliwonse ukhale ndi mpando wake. Ndi mmene amachitira anzathu a kumadzi akuluakulu."

Palibe anali atafikako kumadzi akuluakuluko, ndipo n'chifukwa chake onse anavomera. Anagubuduza miyala n'kuindandalika pakhomo pa phanga: wa Mkulu Wotsegula, wa Mkulu Wotseka, wa Mkulu Wodula ndi Kulumikiza, wa Mkulu Wonyamula, ndi kumapeto kwake wa Mkulu Wolondera. Mipando yonseyi anaipereka kwa Nkhanu. Tinene zoona, amene anaimba nthungululu mokweza kuposa onse tsiku limenelo anali Chule mwini wake.

Tsono m'thamandamo munali mwambo wakuti kwa wamkulu sapita chimanjamanja. Wofuna kulankhula ndi wokhala pa mwala ankayamba wapereka nyongolotsi, n'kugwada, kenako n'kunena vuto lake. Palibe anaganizako kuti miyala ikachuluka nyongolotsi nazo zichuluka, kupatula Msundu. Iye anadzipatsa yekha udindo wa Mlangizi, n'kukakamira pa mfundo ya mwendo wa Nkhanu, pofewa pabwino poyamwa.

Masiku oyamba Nkhanu ankachita manyazi ndi ulemuwo, ndipo ankagwirabe ntchito ngati kale. Koma ulemu uli ngati mchere, ukaulawa chakudya chopanda iwo sichikomanso. Msundu anadikira mpaka nyongolotsi zitayamba kumukomera, kenako anayamba kumunong'oneza.

"Bwana, ndaona kuti mumagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Zimenezo n'za aganyu."

"Nanga ntchito yake si imeneyo?" anafunsa Nkhanu.

"Inali imeneyo musanakhale bwana. Wamkulu akagwira, wagwira. Mukamasiya, anthu aona ngati zinthu zikuyenda zokha, ndiye azigwadira ndani? Komanso mukasiya, mukudziwa bwanji kuti sipagwira wina?"

Mawu omalizawo anamulasa mtima Nkhanu. Nthawi imeneyo dzanja lake lamanja, lalikulu lija, linali pa chigawo cha miyendo, poti mbululu zinali zitangoswa kumene ndipo zinkafunika michira yokha. Anapana pomwepo ndi mphamvu zake zonse, n'kupanira pamodzi ndi chigawo choyandikana nacho, osayang'ana n'komwe kuti n'cha chiyani. Kuyambira tsiku limenelo kulikonse komwe ankapita ankakoka mkandawo, ndipo Msundu ankati tsopano akuoneka ngati bwana weniweni.

Chaka chimenecho Chule anabereka ana ambiri moti madzi ankada nawo. Anasambira, anadya ndere, ananenepa, mayi wawo akusangalala. Mvula inasiya, udzu wa m'dambo unayamba kufiira, ndipo m'mphepete mwa thamanda munaoneka mzere wa matope wosonyeza pomwe madzi anali kale. Koma ana aja michira yokhayokha, mwendo ngakhale umodzi osaoneka.

"Amayi, munati mvula ikasiya timera miyendo," anatero kamwana kena kokonda kufunsa mafunso, komwe kanali ndi kadontho koyera pamphumi. "Ibwera liti?"

"Ikubwera, mwanangu," anayankha Chule. "Ndikakumbutsa achimwene. Mwina angoiwala ndi kuchuluka kwa ntchito."

Anakumba nyongolotsi yonona n'kulunjika ku phanga mtima uli m'malo. "Odi, achimwene!" anatero ali pakhomo. Msundu anatukula mutu pa mwendo wa Nkhanu n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene ake a ndani? Pano pali a Bwana Mkulu. Gwadani, mayi."

Chule anagwada patsogolo pa mwala wa Mkulu Wotsegula n'kupereka nyongolotsi ija. "Bwana, ndabwera pa nkhani ya miyendo ya ana. Madzi ayamba kutsika."

"Mayi, nkhani yanu ndaimva, ndipo yandikhudza kwambiri," anatero Nkhanu akutafuna. "Koma ine sindingatsegule chomwe chinatsekedwa ndi ofesi ina. Kaonaneni ndi Mkulu Wotseka."

"Ali kuti iwowo, bwana?"

Nkhanu anasuntha cham'mbali, khwekhwerere, n'kukhala pa mwala wachiwiri. Anakhosomola pang'ono n'kumuyang'ana Chule ngati mlendo wochokera kutali. "Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

Chule anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za anansi. Anaseka yekha. Msundu anangofunsa kuti nyongolotsi ya ofesi imeneyi ili kuti, ndipo Chule anabwerera kukakumba ina.

Mkulu Wotseka anati iye angathe kumasula, koma ulusi ukatuluka wopanda woudula, mlandu ugwera ndani? Mkulu Wodula anati sangalonjeze kudula chinthu chomwe sakudziwa ngati chinyamulidwe. Mkulu Wonyamula anadandaula kuti njira yadzaza ndi matemba, ndipo sanganyamuke asanamve kwa Wolondera. Pa mwala uliwonse Chule ankagwada, pa mwala uliwonse nyongolotsi inkalowa m'kamwa momwemo.

"Ine ndimalondera ulusi womwe ulipo," anatero Mkulu Wolondera pa mwala wotsiriza. "Wa miyendo sindikuuona. Kauzeni Mkulu Wotsegula ayambe watsegula."

"Koma bwana, nonsenu ndinu mmodzi!" Chule anakuwa, mawondo atanyuka. "Dzanja lomwe latseka ndi ilo, likuoneka apa. Ingolimasulani basi!"

"Mayi, musasokoneze maudindo," anatero Nkhanu. "Chilichonse chili ndi ndondomeko yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono, yemwe ankakwawa chapafupi, atamva dzina lake anatulutsa maso n'kuwabwezanso. Chule anadumphira komweko. Anamupeza akubwereza chigawo cha mchira, kufika kumapeto n'kuyambiranso, thukuta la ulusi lili mbwee kumbuyo kwake.

"A Nkhono, simukuona kuti ana akufunika miyendo?"

"Ndikuona, mayi."

"Nanga bwanji mukungowerenga za mchira?"

"N'zomwe zili zotseguka. Ine yanga ndi kukwawa, zotsegula n'za akuluakulu."

Ulusi wa mchirawo unkangotuluka wokha m'phanga, wosadula, wosalumikiza, poti Nkhanu anali wotanganidwa ndi kusinthasintha mipando. Matemba ankaudya mbali ina, wotsalawo ana n'kumeza. Michira inatalika, ina inapindika, ina inachita mphanda, moti ana ankakodwa mu udzu ndi michira yawo yomwe. Pa msonkhano wotsatira Nkhanu anaimirira n'kulengeza kuti chiyambire thamanda limenelo michira sinakulepo ngati chaka chimenecho, ndipo chimenechi ndicho chitukuko.

Zamoyo zinaomba m'manja. Mlamba, yemwe analibe chosowa ndi miyendo, anati mchira ndi ulemerero wa aliyense wa m'madzi. Chule sanaombe nawo. Anabwerera kwa ana ake mtima ukuwawa, akukumbukira nthungululu yake ija.

M'mphepete mwa thamanda anapezamo mlendo. Anali Nantchengwa, mbalame ya mutu wonga nyundo, ataima pa matope ouma akuyang'ana m'madzi mwachifatse. Anali waulemu kwambiri, monga amakhalira onse omwe akudziwa kuti chakudya chawo sichithawa.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ana akukula bwino. Michira yonona chonchi sindinaionepo."

"Mukudikira chiyani pano?" anafunsa Chule.

"Ine? Ndikungopumako. Sindikonda kunyowetsa mawondo, ndiye ndikudikira kuti madzi atsikeko pang'ono."

Chule anaitanitsa msonkhano wake, n'kulira pamaso pa onse. Zamoyo zinamva chisoni, ndipo aliyense anaimirira kufotokoza kukula kwa chisoni chake, ena kawiri. Pamapeto pake anagwirizana zokhazikitsa komiti yofufuza za kuchedwa kwa miyendo. Atafunsana kuti wapampando akhale ndani, Msundu anati pafunika wodziwa bwino mkandawo, ndipo anagubuduza mwala wina n'kumupatsa Nkhanu yemweyo.

Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Komiti isanakumane n'komwe, dzuwa linali litamwa theka la thamanda. Matope a m'mphepete anang'ambika, madzi anatentha, ndipo ana a Chule anaunjikana pakati akupuma movutika. Nantchengwa anaona kuti mawondo ake sanyowanso, n'kulowa.

Ankajompha mosathamanga, kamodzi apa, kamodzi apo. Chule anadumpha uku ndi uku kuyesa kutchinga, koma thupi limodzi silingaphimbe ana odetsa madzi. Anaitana kamwana ka kadontho koyera kaja, osayankha. Anaitananso, ndipo anzake anamuuza kuti anakaona kakukwera m'mwamba, mchira wake wautali ukulendewera pa mlomo wa mbalame.

Pamenepo mantha a Chule anasanduka ukali. Anapita ku phanga chimanjamanja, osaodira, osagwada. Pakhomo panali zii, miyala yonse ili yokha, ndipo Msundu sankaoneka. Chule anamupeza Nkhanu m'kati ali thasa, thovu likutuluka kukamwa, maso ali tong'o.

"Nkhanu! Siya mkandawo!"

"Achemwali," anatero Nkhanu ndi mawu otsamwa, ubwana wonse utathawa, "ndakhala ndikuyesa. Dzanja likukana."

Chule anayang'anitsitsa n'kuzindikira chomwe chinachitika. Nyongolotsi za maofesi onse aja zinali zitamunenepetsa Nkhanu, koma chigoba chinali chakale chomwecho. Chigawo chomwe anapanira pamodzi ndi cha miyendo chinali cha kufundula chigoba, choncho anali atadzitsekera yekha m'thupi mwake. Dzanja nalo, pokhalitsa pamalo amodzi, linali litauma gwa.

"Mlangizi wako ali kuti?"

"Anati magazi anga sakutulukanso bwino. Wapita kukalangiza a Nantchengwa."

Chule anakumbukira kanthu kakuda komwe anakaona pa mwendo wa mbalame ija. Anagwira dzanja la Nkhanu n'kukoka, anakankha, anamenya, koma silinasunthe. Kunja kunkamveka kuphwanyika kwa madzi nthawi iliyonse yomwe mlomo wa Nantchengwa unkatsika.

"Inu ankhanu mdani akakugwirani mumathothola dzanja n'kuthawa," anatero Chule. "Lithothole."

"Dzanja ili? Ndi lomwe amandigwadira nalo! Ndikalitaya ndikhala ndani?"

"Ukhala Nkhanu wamoyo. Ukalisunga ufa nawo maudindo ako onse, ndipo sipatsala wokulira."

Thovu linawira pakamwa pa Nkhanu. Kenako anafunsa ndi mawu apansipansi ngati sikungakhale bwino kuyamba wadziwitsa komiti. Chule anangomuyang'ana ndi maso a mayi amene wangotaya mwana. Nkhanu anabweza maso ake m'mabowo mwake, anadzikoka ndi mphamvu zotsala, ndipo kunamveka kuti thyo!

Anagubuduzika n'kukagwera kukhoma. Koma taonani zodabwitsa: dzanja lothothokalo linatsala pa mkanda lili chigwirire. Mwini wake anali atachoka, koma ilo linkapitirizabe udindo. Zinatengera Nkhanu kulowetsa dzanja lamanzere pakati pa mano a dzanja lothothokalo, Chule n'kuponda ndi miyendo yake yonse yakumbuyo, kuti likanuke n'kugwera m'matope.

Mkanda unafunyuluka, zigawo ziwiri zija zinaonekera. Nkhono anafika n'kuima pakati pake, n'kufunsa, koyamba chibadwire, kuti ayambe chiti. Nkhanu ankabanika, chigoba chikumufinya pachifuwa, ndipo anayang'ana chigawo cha kufundula chigoba mosirira. Kenako analoza cha miyendo, n'kupita kukaphimba cha mchira.

Nkhono anayamba kukwawa. Anakwawa monga amakwawira nkhono, kamkanda kamodzi, kenako kena, kenako kena. Chule ankathamangira kunja kukaona ana, n'kubwerera, n'kupeza Nkhono wangosuntha pang'ono.

"A Nkhono, chonde fulumirani! Ana akutha!"

"Mayi, liwiro langa ndi lomweli chibadwire," anatero Nkhono osatembenuka. "Linkakwanira zaka zonsezi. Likanakwaniranso chaka chino, akanatsegula pa nthawi yake."

Chule anakhala pansi pambali pake. Anadekha, poti panalibenso china choti achite, ndipo maso a nkhono anawaona ndithu, koma kudekha kwake kunali kwa misozi. Ulusi utatuluka, Nkhanu anaudula ndi dzanja limodzi, analumikiza, anaunyamula akudzandira, n'kukaufikitsa yekha kwa ana. Sanafunse mwala uliwonse, ndipo ntchito yomwe inakanika nyengo yonse inatheka dzuwa lisanapendeke.

Koma miyendo simera ngati bowa. Inayamba ngati timatuza, n'kumakula pang'onopang'ono, michira ikufota, madzi nawo akuphwa. Chule anakankhira ana otsala m'kadzenje ka pansi pa muzu komwe mlomo wa Nantchengwa sunkafika, n'kukhala pakhomo pake. Tsiku lomwe thamanda linasanduka matope okhaokha, tiachule tinatuluka n'kudumphira mu udzu, ndipo tonse tikanakwana pa tsamba limodzi la kakombo.

Nkhanu anafundula chigoba chake ali kubisala m'una, wofewa, wamanyazi. Dzanja linamera lina, koma laling'ono, losafanana ndi linzake. Kuyenda cham'mbali komwe anazolowera posintha mipando sikunamuchokenso. Mukamuona lero akudutsa chopingasa, ndi mwendo wa ofesi umenewo.

Mvula itabwerera thamanda linadzazanso, ndipo chinthu choyamba chomwe zamoyo zinachita chinali kuitanitsa msonkhano. Msundu naye analipo, atawonda ngati ulusi, poti anapeza kuti mwendo wa Nantchengwa ndi fupa lokhalokha. Anadzitambasula ngati palibe chinachitika. Maso ake anali pa ntchafu zonenepa za Chule.

"Abale anga, tili ndi manyazi ife?" anayamba motero. "Mayi awa anapulumutsa thamanda lonse, ife n'kumangowati achemwali, achemwali! Ndikupempha kuti tiwagubuduzire mwala, akhale Mkulu Wopulumutsa."

Zamoyo zinaomba m'manja, ndipo zina zinali zitayamba kale kukankha mwalawo. Nkhanu anabisa dzanja lake laling'ono kumbuyo n'kuyang'ana pansi. Chule anauyang'ana mwalawo, wosalala, wokongola, wokwanira bwino thupi lake. Kenako anayang'ana ana ake ochepa aja, omwe anali atakhala m'mphepete miyendo ili pinde.

"Mwala umenewo musaubweretse kuno," anatero. "Kauikeni pakati pa thamanda, paja anathera ana anga. Aliyense wofuna mpando azikayamba wakhala pamenepo."

Manja anasiya kuomba. Chule anadutsa pafupi ndi Nkhanu n'kumuuza kuti mazira atsopano aswa posachedwa. "Ndamva, achemwali," anatero Nkhanu, n'kulowa m'phanga kukatsegula chigawo cha mchira, dzanja lili lokonzeka kusiya.

Phunziro: Udindo ndi kugwira pa nthawi yake n'kusiya pa nthawi yake. Odziwa za m'thupi amati m'tizigawo ting'onoting'ono ta matupi athu muli mkanda wa chibadwa wotchedwa DNA, ndipo puloteni imodzi yogwira mkandawo imatha kukhala ndi ntchito zambiri: kutseka, kutsegula, kudula uthenga, kuunyamula ndi kuuteteza. Zimayenda bwino ikamagwira n'kusiya, koma ikakakamira pamalo amodzi thupi limadwala. Kuchuluka kwa ntchito si mlandu, mlandu ndi dzanja lokana kumasula, chifukwa limapha ana a eni n'kumaliza ndi mwini wake. Ndipo inu oimba nthungululu pogawa mipando, muziyamba mwafunsa kuti miyendo ya ana anu idzachokera kuti.